Galaja ya pa Luchenza imene inadzutsa Ford Popular ya atsibweni anga

Ndiyambe ndi maganizo anga, kuti amene ali pa changu asachite kuwerenga mpaka kumapeto. Ngati muli ndi galimoto yakale imene yagona zaka zambiri pansi pa mtengo, ndipo mukufuna mmisiri woti ailimbitse chesesi, aipatse mabuleki ndi injini, aisinthenso maonekedwe popanda kuiwononga, pa Luchenza pali madala ena amene ndingakulozereni ndi mtima wonse. Koma ngati chimene mukufuna ndi penti yoti muzidziyang'anirapo nkhope, kapena kubanja kwanu kuli ukwati mwezi wamawa ndipo mwalonjeza kale kuti akwati adzakwera galimotoyo, musapiteko, mudzangodana ndi munthu wabwino. Galaja yawo ilibe chikwangwani. Ili kuseri kwa mashopu, mbali ya kunjanji, ndipo akabaza a pa siteji amakufikitsani mukangoti mukufuna kwa madala owotcherera magalimoto akale.

Imene ndinapita nayo ine ndi Ford Popular ya zitseko ziwiri, ya gulu lija Angelezi ankapanga kuyambira 1953 mpaka 1959. Nthawi imeneyo inali galimoto yotsika mtengo kuposa zonse ku Britain, ndipo ukaiyang'anitsitsa umaona pamene ankapulumutsira ndalama. Injini yake ndi ya masilinda anayi, 1172 cc, mavalavu ali m'mbali mwa buloko osati pamwamba, hosipawa 30 basi. Magiya atatu. Batire la mavoti 6. Pampu ya madzi mulibe, madzi amazungulira okha akatentha. Mabuleki ndi a ndodo zachitsulo zokoka, opanda mafuta. Waipa ndi imodzi, ndipo imayendera mpweya umene injini imakoka, moti ukaipatsa moto pa chitunda waipayo imafooka mpaka kuima. Atsibweni anga, amene anaigula kwa kapitawo wina iwo ali kalaliki pa esiteti ya tiyi, ankasimba kuti m'chiperoni, pokwera zitunda za ku Thyolo, ankachita kuchotsa kaye phazi kuti waipa ipukute kamodzi, aone msewu, kenaka apondenso. Atamwalira, galimotoyo inagwera ine mwana wa mlongo wawo. Inali itakhalitsa m'chisakasa: nsalu ya pakati pa denga itaola, matabwa apansi chiswe chitamaliza, injini itagwirana, dzimbiri litadya m'munsi mwa zitseko.

Sindinkafuna kuibwezera mmene inatulukira ku fakitale. Ndinkafuna hot rod, galimoto yakale yoisintha kuti izithamanga, osati za masiku anozi zodzaza ndi zonyezimira ndi makompyuta, koma ya mtundu woyambirira uja. Chilakolako chimenechi ndinachitola ndikugwira ntchito m'sitolo ya zipangizo pa wekishopu ya fakitale ina ya tiyi, pamene injiniya wina popuma ntchito anasiya katoni yodzaza ndi magazini akale a ku America. Anzanga ankang'amba masamba ake n'kumakulungira mabering'i. Ine ndinkapita nawo kunyumba.

M'zaka za m'ma 1930, ku Southern California, anyamata opanda ndalama ankagula Ford Model T ndi Model A zotha ntchito pa mtengo wozizira, n'kuchotsa chilichonse cholemera: matigadi, mabampala, denga, nthawi zina ndi galasi lakutsogolo lomwe. Mu 1932 kampani ya Ford inatulutsa injini ya V8, ya masilinda asanu ndi atatu, yoti munthu wamba n'kuikwanitsa, ya malita 3.6, hosipawa 65, mavalavu ake ali m'buloko monga ilili ya Popular yangayi. Magalimoto a V8 atayamba kuchita ngozi n'kumafika ku sikilapu, anyamata aja ankazula injinizo n'kuziika m'timagalimoto tawo topepuka. Kothamangira kunali kuchipululu cha Mojave, pa nyanja zouma monga Muroc, pamene dothi lake ndi losalala ndi lolimba mtunda wautali. Mu 1937 makalabu awo anagwirizana n'kukhazikitsa Southern California Timing Association kuti liwiro liziyezedwa mwadongosolo, anthu asamagundane m'fumbi. Asilikali atatenga Muroc, mipikisano inasamukira ku nyanja zina, makamaka El Mirage. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, anyamata aja anabwerako ataphunzira kuwotcherera, kusema zitsulo pa makina ndi kukonza ndege, ena mpaka anasandutsa mathanki a mafuta a ndege zankhondo kukhala mabodi a magalimoto othamanga. Robert Petersen anayambitsa magazini ya Hot Rod mu Januwale 1948, mu 1949 anyamata aja anayamba kukathamangira pa mchere wa ku Bonneville ku Utah, ndipo mu 1951 Wally Parks anakhazikitsa National Hot Rod Association pofuna kuchotsa mipikisano m'misewu ya anthu.

Chimene chinandigwira mtima m'nkhani yonseyi n'chakuti poyamba mashopu oti ukagule zinthu zopangidwa kale anali ochepa. Vic Edelbrock, amene dzina lake lero lili pa zipangizo zodula, anali makaniko wa pa galaja wamba m'dera la Los Angeles, ndipo anadzikonzera chitsulo chake chonyamula makabuleta awiri a Stromberg 97 pa Ford yake ya 1932, n'kumakachiyesa ku nyanja zouma. Ford inachedwa kuika mabuleki a mafuta, inayamba mu 1939, ndiye anyamatawo ankapita ku sikilapu kukamasula a magalimoto a 1939 ndi 1940 n'kuwalowetsa pa akale awo. Munthu ankayang'ana chimene chilipo, n'kuganiza, n'kuyeza, n'kudula. Madala a pa Luchenza sanawerengepo magazini amenewo, ndipo dzina la Edelbrock alibe nalo ntchito, koma kagwiridwe kawo ka ntchito ndi komweko.

Nditawaonetsa zithunzi pa foni, anaziyang'ana nthawi yaitali, akukulitsa ndi zala pamene pali mawilo ndi masipuling'i, penti osailabadira. Kenaka anagwada n'kusuzumira kunsi kwa Popular.

"Achimwene, zithunzi zanuzi n'zabwino. Koma tiyambe ndi kuima. Kuthamanga kubwera pambuyo."

Ndinatchula V8. Anakana pomwepo, ndipo zifukwa zawo zinali zomveka: chesesi n'chopyapyala, malo a injini ndi opapatiza, rediyeta yoti iziziritse V8 singalowe kuseri kwa mphuno yowonda ija, petulo ndi uyu timamufolera pa mzereyu, nanga chinthu chikathyokera pa Muloza mudzachipeza kuti? Iwo anati tifune Nissan 1400 yogubuduzika, tigule yonse. Tinaipeza ku Ndirande, bodi itaphwanyika koma zam'kati zili bwino. Kapikapu kameneka kankapangidwa ku South Africa mpaka 2008, ndipo zipangizo zake ku Limbe sizisowa. Injini yake ya A14, 1397 cc, ndi ya kabuleta, yoyendera tcheni osati lamba, yopanda kompyuta, ndipo mphamvu yake imaposa kuwirikiza kawiri ya Popular. Nditakhala pansi n'kuyerekeza, ndinapeza kuti pa hosipawa yatsala pang'ono kufanana ndi V8 ija ya 1932, ndipo mtima unakhala m'malo. M'kapikapu komweko tinatengamo giyabokosi, difu, mapedulo, masitala silinda ya mabuleki ndi otaneta.

Ntchito ya chesesi ndi imene inandionetsa kuti munthuyu si wongoyerekeza. Bodi anaikweza n'kuikhazika pa migolo. Chesesi anachipala mpaka chitsulo chinayera, n'kuchiyeza ndi chingwe mopingasa, ngodya iyi kukafika ngodya iyo, kenaka mbali inayo, kuti aone ngati chinapindika. Chinali chitapotoka pang'ono kumbuyo, mwina atsibweni anagwerapo nayo m'ngalande. Anachiwongola ndi jeke ndi tcheni, atachimangirira ku mtanda wachitsulo umene anaukwirira m'simenti pa galaja pawo. Atatero anatseka ndi mapuleti mbali yotseguka ya zitsulo ziwiri zazitali zija, kuti zisamapotoke injini yamphamvu ikakoka. Amawotcherera pang'ono apa, n'kudumphira uko, n'kudikira pazizire, chifukwa ukathamangitsa mzere umodzi wautali kutentha kumakoka chitsulo. Anyamata a ku California ankachita zomwezo pa chesesi cha Model A asanakhazikemo V8.

Popular inali ndi sipuling'i imodzi yopingasa kumbuyo ndi ina kutsogolo, monga zinalili Ford zakale. Yakumbuyo anaichotsa, n'kuwotcherera mabulaketi onyamula masipuling'i awiri a Nissan pamodzi ndi difu yake. Pulopela, chitsulo chopititsa mphamvu ya injini ku difu, inafunika kufupikitsa, ndipo imeneyo anaitumiza kwa a makina osema zitsulo ku Limbe kuti isamadzanjenjemere. Kutsogolo anasiya ekiselo yakale ndi sipuling'i yake, chifukwa nkhope ya hot rod ili pamenepo, koma anasemetsa mapuleti oti agwire mabuleki a mafuta. Mapaipi a mabuleki onse anaika atsopano. Pamenepo sakambirana ndi munthu, kaya walira ndalama chotani.

Pamene tinatsutsana kwambiri ndi pa kuitsitsa. Hot rod imafunika igwade kutsogolo, mphuno pansi, kumbuyo m'mwamba. Ku America ankatenthetsa nsonga za ekiselo yakutsogolo n'kuzipinda kuti galimoto itsike, ndipo ku San Diego kunali amisiri otchuka ndi ntchito imeneyi. Ndinapempha zomwezo. Madala anapukusa mutu.

"Chitsulo chimenechi chinapangidwa inu musanabadwe, achimwene. Ndikachiotcha, mng'alu wa m'kati ndiuona ndi chiyani? Chikadzathyokera pa chitsetso cha ku Makwasa, kwanu adzati wapha munthu ndani?"

M'malo mwake anachotsa tsamba limodzi pa sipuling'i, otsalawo n'kuwawongola pang'ono ndi hamala osawaotcha, n'kuika matayala ang'ono kutsogolo, akulu kumbuyo, pa malimu achitsulo wamba. Asanamange komaliza anafunsa za msewu wakwathu. Ndimakhala kumtunda kwa Chitakale, msewu wafumbi wodutsa m'minda ya tiyi, umene mvula ikagwa umakumbika m'mbali n'kusiya msana pakati. Anatuma mnyamata wawo pa njinga kukayeza hampu yaikulu ya pa Luchenza, anawonjezera zala zingapo chifukwa cha msana wa msewu wakwathu uja, n'kudula kamtengo ka msinkhu umenewo. Kamtengoko kankayenera kudutsa kunsi kwa sampu, mokhala oilo pansi pa injini, kali chiimire, osagunda. Mpaka lero ine ndimaona kuti kutsogolo kukanatsika chala china chimodzi, iwo amaona kuti anandipatsa kale zochuluka. Sampu sinagundepo pansi.

Kudula denga ndi kumene ndinkalephera kuchokapo pa galaja. Anthu amaganiza kuti umangocheka mizati yonse mofanana n'kutsitsa denga. Sizili choncho. Mizati ya galimoto ndi yopendekeka, bodi ndi yotambalala m'munsi ndi yopapatiza m'mwamba, ndiye ukachotsa chidutswa pakati, zam'mwamba ndi zam'munsi sizikumananso. Denga limapezeka lafupika. Sam Barris, mmisiri wa ku California, mmodzi mwa oyamba kudula denga la Mercury ya 1949, ankalimbana ndi vuto lomweli. Madala anayamba ndi kuwotcherera mapaipi m'kati mwa bodi mopingasapingasa, kuti denga likachoka zitseko zisataye malo ake. Analemba mizere ndi choko, anafufuta, analembanso, dzuwa mpaka kulowa osadula kanthu. Tinagwirizana zochotsa masentimita 5 okha. Anadula ndi sowo yamanja, gulainda ili pomwepo, ati gulainda imadya chitsulo chambiri ndipo ukafuna kuima imakhala itapitirira kale. Denga analidula pawiri mopingasa n'kulumikiza ndi kachidutswa pakati kuti litalike. Bowo la pamene panali nsalu analitseka ndi lata limene anadula pa denga la galimoto ina yakufa, atayendayenda m'masikilapu ndi katabwa kamene anakasema mokhota, akukagoneka pa denga lililonse mpaka anapeza lokhota mofanana. Zonsezi ndi gasi: kadontho kamodzi, hamala pamwamba ndi chitsulo chotsamiritsa kunsi, nsanza yonyowa, kadontho kena patali. Ndinkayembekeza kuti denga lalikulu chonchi lichita mafunde ndi kutentha, koma ukayendetsa chikhatho pamwamba pake supeza pamene panali msoko. Mwayi wa Popular ndi wakuti magalasi ake ndi afulati, ndiye odula magalasi ku Limbe anangotsata makatoni amene madala anajambula. Zitseko zimatsekeka ndi chala chimodzi, ndipo mpata wa pakati pa chitseko ndi bodi ndi wofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi. Amene anakonzetsapo chitseko cha minibasi akudziwa kuti zimenezi si zapafupi.

Alipo amene anandidzudzula, ati galimoto yosowa chonchi siidulidwa. Ndimawamvetsa, ndipo nawonso madala sanataye kanthu. Injini yakale, giyabokosi ndi difu anazithira oilo, anazikulunga, n'kundiuza ndikasunge pouma. Ngakhale zidutswa za mizati anandipatsa m'kathumba. Koma galimoto ya mabuleki a ndodo pakati pa maminibasi ndi malole a tiyi pa msewu wa ku Muloza, ine sindikanakwezamo adzukulu anga. Ku Britain komweko Popular ndi imene anyamata ankakonda kuisandutsa hot rod, popeza Ford za 1932 za ku America kumeneko zinali zosowa.

Ekizozi anaipinda okha. Anadzaza paipi ndi mchenga wa mu Thuchila, atauwotcha kaye pa lata mpaka kuuma gwa, chifukwa mchenga wonyowa ukatenthedwa m'paipi yotseka nthunzi yake imaphulitsa. Atatseka mbali zonse ziwiri ankatenthetsa pofunika kupinda mpaka pafiire, n'kumakoka pang'onopang'ono. Mchengawo umaletsa paipi kuphwatalala pokhota. Mapaipi anayi akumana kukhala imodzi, yotulukira m'mbali patsogolo pa tayala lakumbuyo, ndi sailensa yaifupi. Imalira mokhuthala koma siidzutsa mudzi. Pa za mafuta anandichenjeza okha ndisanafunse, kuti petulo wathu amamusakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, amene amadya labala wakale, n'kumakokololanso dzimbiri la m'thanki kupita nalo ku kabuleta. Thanki anaitsuka, mapaipi a labala anasintha onse, n'kuika zosefera ziwiri.

Zilipo zimene sizinandisangalatse, ndipo chachikulu si cha galimoto yanga. Pa misoko ya mizati madala anathira mtovu wosungunula m'malo mwa fila. Ndi njira imene ankatsata amisiri a nthawi ya Barris fila wa masiku ano asanabwere, ndipo iwo anaiphunzira kwa bwana wawo wakale ku Limbe. Ntchito yake ndi yokongola ndipo siing'aluka. Koma anyamata awo awiri ankapala mtovuwo ndi tupa ndi sandipepa opanda chotseka kumphuno, n'kumadya mandasi manja osasamba. Mtovu ndi poizoni, umaunjikana m'thupi, umawononga ubongo ndi impso, ndipo munthu samva kupweteka tsiku lomwelo. Ndinagula zotseka kumphuno n'kupita nazo. Anavala ine ndili pomwepo, nditabweranso ndinazipeza zili pa msomali. Ndinalankhula ndi madala mwaulemu, anavomera, koma kusintha sindinakuone. Ana amenewa ndi achichepere, mmodzi wangokwatira kumene. Mukapitako nanunso mukanene, mwina tikachuluka adzamva.

Penti amapopera m'chisakasa chotseguka m'mbali, pafupi ndi njira ya njinga zamoto. Ndinasankha yakuda yosanyezimira, popeza ma hot rod oyambirira ambiri ankayenda ali ndi pulaima yokha, eni ake atathera ndalama ku injini. Ngakhale penti yosavuta choncho inatuluka ndi fumbi, ndipo tsiku lopopera boneti kunali chiperoni, chinyezi chinasiya mawanga otuwa. M'munsi mwa chitseko chakumanzere mwayamba kale timatuza. Akuti adzabwereza ulere, ndipo ndikuwakhulupirira, koma malo opopera ndi omwewo. Langizo langa ndi lakuti iwo amalize za chitsulo ndi pulaima, penti yomaliza mukapopetse ku Blantyre kumene kuli chipinda chotseka.

Zamagetsi madala sazikonda, amasiyira mnyamata. Kusintha kuchoka pa mavoti 6 kupita pa 12 kunayenda bwino, galimoto imalira kamodzin'kamodzi ngakhale m'mawa wa mu Juni. Koma mawaya anali ongopota ndi kukulunga tepi, magetsi akutsogolo analibe fuzi, ndipo waya wina ankadutsa pa bowo la lata popanda labala. Waya woteroyo ndi amene amayatsa galimoto. Wa zamagetsi wina wa pa Chitakale ndi amene anaziona n'kuyambanso mawaya onse.

Nthawi ndiye musawerengere. Anati tidzaitulutsa pokolola. Tinakolola, tinalima, mvula inagwa, chimanga china chinamera, galimoto ili pa migolo. Zifukwa zina n'zomveka: magetsi kuzimazima, gasi kusowa, maliro. Koma chenicheni n'chakuti minibasi ikafika yothyoka sipuling'i, yanu imaima, chifukwa ya minibasi ndiyo ndalama ya ndiwo ya lero. Pa zimenezo sindiwaimba mlandu, munthu ali ndi banja ndi anyamata oti awalipire. Chimene chimapweteka n'chakuti sanena. Akachita manyazi foni sayankha, iwe n'kuwononga ndalama ya minibasi kukapeza zinthu zili mmene unazisiyira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kumaphweka munthu akakuuza zoona.

Pa ndalama ndilibe dandaulo. Galimoto iliyonse ili ndi kope lake, mmene amalemba chilichonse chimene walipira ndi kumata malisiti. Amalipiritsa m'magawo, chesesi chikatha, injini ikalira, denga likatha, ndipo safuna ndalama ya gawo limene sanayambe. Zipangizo umagula wekha kapena kupita nawo limodzi. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mapuleti, gasi ndi ndodo zowotcherera zinakwera mtengo, ndipo anandionetsa malisiti akale ndi atsopano kuti ndione ndekha, koma ya manja awo imene tinagwirizana poyamba sanaikweze. Ndinawonjezera mwa kufuna kwanga pomaliza, poona denga lija. Dziwani kuti ya zipangizo inaposa ya manja kutali, ndipo zonse pamodzi zikanagula kagalimoto kogwiritsidwapo kale ntchito kochokera ku Japan. Amene akuganiza kuti galimoto ya cholowa idzatuluka yotchipa poti sanaigule, awerengere bwino asanayambe, chifukwa kuisiya pakati itamasulidwa n'koipa kuposa kusaikhudza.

Za makalata amazidziwa bwino. Injini ikasintha, nambala yake iyenera kusinthidwa m'mabuku a Road Traffic, apo ayi mudzavutika pa rodibuloko ndi kwa a inshuwalansi. Anakana Nissan ina yotchipa imene inalibe makalata, ndipo pa imene tinagulayo anaonetsetsa kuti wogulitsa alembe kalata yokhala ndi nambala ya injini. Anaika maindiketa, malamba a pa mipando, waipa ziwiri zamagetsi ndi magalasi oonera kumbuyo, moti popita kukayezetsa COF, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu, panalibe chobweza.

Pa msewu ili chonchi. Kuchoka pa Luchenza kukwera ku Thyolo Boma mpaka pa Bvumbwe imapita osatentha, ndipo zitunda zimene atsibweni ankakwera ndi giya yoyamba imazidutsa ndi yachitatu. Mabuleki amagwira mowongoka osakokera mbali, ndinawayesa pa chitsetso galimoto ili yodzaza. Chiwongolero ndi chakale chomwe chija: cholemera poimika, ndipo pa liwiro chimafuna manja onse awiri, chifukwa galimotoyi ndi yaitali m'mwamba, yopapatiza, ndipo tayala limodzi lakutsogolo likagunda dzenje linzake limamva. Ikafika pa makilomita 80 pa ola ine ndimakhutira. Injini ikhoza kupitirira, koma zonyamula injiniyo ndi za m'ma 1950. Kumapazi kumatentha chifukwa injini inalowa m'kati pang'ono, anachita kudula lata lapakati kuti ikwane. Denga lotsika nalo lili ndi zake. Ukamachokera ku Chonde kulowera ku Chitakale phiri la Mulanje limadzaza galasi lonse, ndipo kuti uone pamwamba pake uyenera kuwerama. Maloboti a mu Limbe chimodzimodzi, ukaima pafupi suwaona. Munthu wamtali aganize bwino asanapemphe kudula kopitirira pamenepa. Difu ya Nissan ndi yotambalala kuposa yakale, ndiye matayala akumbuyo amasuzumira kunja kwa matigadi. M'chilimwe n'zokongola, m'matope a kwathu amaponya dothi mpaka pa galasi lam'mbali.

Madala salandira magalimoto otere awiri nthawi imodzi. Panopa pa migolo pali Peugeot 404 ya pikapu ya munthu wina wa ku Thekerani. Mukafuna malo pitani nokha m'mawa, foni musaidalire, ndipo mutenge zithunzi za kunsi kwa galimoto yanu ndi makalata ake, chifukwa zoyamba kufunsa ndi zimenezo. Ndi bwino kuyamba mvula ikangotha, kuti zowotcherera ndi pulaima zichitike kunja kuli kouma. Yanga ibwererako Peugeot ija ikachoka, kuti akakulitse matigadi akumbuyo ndi kuika chotchinga kutentha kumapazi. Mipando sakhudza, imeneyo ndikupereka kwa wosoka masofa wa pa Bvumbwe.